Salimo 109 Sindingalidumphe

Salimo 109 ndi loopsa. Davide akupempha kuti mdani wake afe msanga, mkazi wake akhale wamasiye, ana ake azingoyendayenda n'kumapemphetsa. Mu 1971 Mpingo wa Katolika unalisiya m'buku la mapemphero a tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi 58 ndi 83. Chifukwa chake ndikuchimva, koma ine ayi.

Taganizirani mayi amene achibale a malemu mwamuna wake amulanda nyumba, mbuzi, mpaka mbale zomwe, misozi isanaume. Inu mukuti akhululuke. Chabwino, nanga usiku umenewo apemphere zotani? Salimoli limamupatsa mawu. Ndipo taonani, Davide sakunola chikwanje. Ukali wonse akukautula kwa Mulungu, mlandu n'kuusiya komweko.

Koma za ana aja zimandivutabe. Iwowo analakwanji?