Mlendo wa mapiko

Pamene kuno ku Tete mvula ili mkati ndipo cimanga cikumasula ngayaye, kumpoto kwa Ulaya kumakhala cisanu coopsa. Dzuwa limatuluka mocedwa, ndi kulowa msanga. Mitengo imayoyoka masamba. Madzi a m'zithaphwi amauma gwa ngati mwala. Ncifukwa cake anthu ena a kumeneko amasunga ndalama caka conse, kuti akapume masiku owerengeka kudziko lofundirako.

Gogo wina wamkazi wa ku England anacita zimenezi m'mwezi wa Febuluwale. Iye anali mphunzitsi wopuma nchito. Kuseri kwa nyumba yake kunali khola lakale mmene anamzeze ankamanga zisa caka ndi caka. Gogoyu ndi amuna ake ankawerenga zisazo ndi kuzilemba m'kabuku. Amuna ake atamwalira, iye anapitiriza kuwerenga yekha. Koma zisa zinali kucepa, ndipo mtima wake unali kufunsa: kodi mbalamezi zikutha ndi ciani panjira?

Tsono analongedza kabuku kaja ndi magalasi oonera patali, nakwera ndege pamodzi ndi anzake asanu. Anapita ku Cyprus.

Cyprus ndi cilumba ca m'Nyanja ya Mediterranean, nyanja imene ili pakati pa Ulaya, Asia ndi Africa. Pa zilumba za m'nyanjayi, Sicily ndi Sardinia zokha ndizo zimaciposa kukula. Amene amawerenga Baibulo amacidziwa ndi dzina lakuti Kupro, kwawo kwa Barnaba. Phiri lake lalitali, la Olympus, ndi la mamita 1,952, ndipo nyengo yacisanu limavala cipale cofewa. Koma kumunsi, m'mbali mwa nyanja, nyengo yomweyo ndiyo ya mvula ndi msipu.

Amene anawalandira anali mnyamata wa pacilumba pomwepo. Nchito yake inali kutsogolera alendo okonda mbalame.

Tsiku loyamba anawatengera ku thamanda la mcere pafupi ndi mzinda wa Larnaca. M'cilimwe thamandali limaphwa, ndipo pamatsala mcere woyera mbee. Anthu ankakolola mcerewo mpaka caka ca 1986. Mvula ikagwa madzi amabwerera, ndipo pamafika mbalame zazikulu zochedwa flamingo, zikwi ndi zikwi. Zili ndi miyendo yaitali ngati bango ndi khosi lopindika. Zimadya mutu uli cozondoka m'madzi, kusefa tizilombo ting'onoting'ono tonga nkhanu. Tizilombo timeneti ndito timazipatsa mtundu wofiirira. Gogo uja anayamba kuziwerenga. Atafika pa 300 analeka, nangoseka.

Tsiku laciwiri ndi lacitatu anapita cakumadzulo, kupyola mzinda wa Paphos, mpaka ku nkhalango ya Akamas. Uko maso anawatembenuzira pansi. Mitengo ya almond inali itacita maluwa oyera, masamba asanatuluke. Pansi pa mitengo ya azitona panali maluwa ochedwa anemone, ena ofiira psuu, ena obiriwira ngati thambo, ena oyera. Mnyamata uja anagwada, nawaonetsa kaduwa ka mtundu wa orchid, m'bale wake wa cikande cimene anthu amakumba kudambo. Kaduwako kanali ndi maonekedwe a njuci yaikazi, ndiponso kamatulutsa fungo lake. Njuci yamphongo imanyengedwa, imatera pakaduwako, ndipo imacoka itanyamula mungu kupita nawo ku duwa lina. Palibe anathyola duwa ngakhale limodzi. Anangojambula ndi kulemba maina.

M'minda yambiri munali cikasu cokhacokha. Gogo anafunsa dzina la duwa lake.

– Limenelo si lathu, agogo – anatero mnyamata. – Linacokera ku South Africa, cigawo ca Cape. Linabwera ngati mlendo, koma linakana kubwerera. Ana amatafuna mapesi ake owawasa, koma alimi amatopa nalo polima.

Tsiku lacisanu anabwerera cakum'mawa kwa cilumba. Anadzuka mbandakuca kukafuna mbalame za m'zitsamba. Gogo anatsalira m'mbuyo cifukwa ca bondo. Ali cikhalire pamwala, anamva kuphupha m'citsamba. Atasuzumira, anaona kambalame kakulendewera cozondoka pakamtengo. Phiko limodzi ndi miyendo yonse zinali zitamatirira. Kanali ka cifuwa cofiira, kochedwa robin. Mtundu womwewo umatera pazenera la nyumba yake ku England.

Kamtengoko kanali ka ulimbo. M'citsamba comweco munali timitengo tina khumi ndi tiwiri.

Gogo anaitana ndi mawu onjenjemera. Mnyamata anabwera cothamanga. Sanakoke kambalameko, pakuti nthenga zikanazuka. Anatsegula botolo la madzi akumwa, nayamba kudonthezera pang'onopang'ono, uku akumasula nthenga imodzi imodzi ndi zala. Zinatenga nthawi yaitali. Kenaka anapatsa gogo kuti akagwire. Gogo anamva mtima wa kambalameko ukugunda m'dzanja lake, thi thi thi. Anatambasula zala. Kambalame kanakhala kaye duu, kenaka kanauluka.

Mnyamata anaimbira foni oyang'anira nyama za m'thengo, nawauza malowo. Ali kudikira, gogo anayamba kukalipa. Anati munthu wochera ulimbo alibe mtima.

Mnyamata anakhala cete kanthawi. Kenaka anati:

– Agogo, zala zangazi zinaphunzira kumasula mbalame kwa agogo anga aamuna. Iwo ndiwo ankapanga ulimbo m'mudzi mwathu. Ankaphika zipatso za mtengo wina zamadzi onanda, ndi kusakaniza uci. Pa ubwana wawo nyama inali yosowa. Akagwira mbalame khumi, banja linkadya ndiwo tsiku limenelo. Sanali munthu woipa.

– Nanga bwanji iwe suchera, mwana wanga? – anafunsa gogo.

– Cifukwa za lero si za njala ayi. Za lero ndi malonda.

Ndipo anamufotokozera. Cyprus ili panjira ya mbalame zoyenda pakati pa Ulaya ndi Africa. Zikawoloka nyanja zimafika zitatopa, ndipo zimatera pacitsamba coyamba cimene zaona. Pacilumbapo pali cakudya cochedwa ambelopoulia, ca timbalame ting'onoting'ono, cimene cimagulitsidwa mobisa pamtengo wokwera. Lamulo linaletsa kugwira mbalame ndi ulimbo kapena maukonde m'caka ca 1974, koma malondawo sanathe. Ochera ena amaimika maukonde opyapyala osaoneka ndi maso, ndi kuika makina oimba ngati mbalame usiku wonse. Ukonde ndi ulimbo sizisankha. Mitundu ya mbalame yoposa 150 yapezekapo m'misampha imeneyi, ngakhale akadzidzi ndi mbalame zina zosadyedwa. Bungwe la RSPB la ku Britain linanena kuti m'miyezi ya kumapeto kwa 2016 mbalame zoposa 800,000 zinaphedwa pamalo amodzi okha, m'dera la Dhekelia. Deralo ndi la asilikali a Britain.

Gogo atamva mawu omalizawa anagwetsa nkhope. Iye anali kuloza cala anthu a dziko la eni, osadziwa kuti cigawo cina ca mlanduwo cinali pamalo olamulidwa ndi dziko lake. Mnyamata anamuuzanso kuti m'zaka zotsatira apolisi ndi mabungwe monga BirdLife Cyprus anagwira nchito pamodzi, ndipo maukonde m'deralo anacepa kwambiri.

– Tsono anamzeze anga akuthera kuno? – anafunsa gogo.

– Iyayi, agogo. A ku England sadzera kuno. Amadzera ku France, ku Spain ndi ku Morocco. Awo ali ndi mavuto awo: cipululu ca Sahara, mphepo zamkuntho, ndi kucepa kwa tizilombo touluka kwanu komweko. Mbalame yapaulendo ili ndi midzi yambiri, ndipo mudzi uliwonse uli ndi mbali yake.

Usiku umenewo gogo sanalembe dzina la mbalame iliyonse m'kabuku kake. Analemba za munda wa kuseri kwa nyumba yake, umene anali kuupopera mankhwala ophera tizilombo caka ciliconse.

Tsiku lomaliza, ali kudikira galimoto yopita kubwalo la ndege, anaona kanthu kakuda kakuuluka mwaliwiro pamwamba pa madzi. Kanali ndi mcira wa mphanda ndi khosi lofiira. Anali namzeze, mmodzi mwa oyamba kufika caka cimeneco kucokera ku Africa. Gogo anamutsatira ndi maso mpaka anazimiririka.

Namzeze ameneyu ana a kuno amamudziwa. Alipo anamzeze ena a konkuno, amene amamanga zisa zadothi pakhonde la sukulu ndi pansi pa milatho. Koma a mtundu uwu, a khosi lofiira ndi mkanda wakuda pacifuwa, kuno samanga zisa. Amafika ca m'Okutobala ndi Novembala, mvula ikamayamba. Amadya inswa ndi tizilombo tina touluka pamwamba pa minda, ndipo madzulo amagona m'mabango. Ca m'Malici ndi Epulo amasonkhana pamawaya, kenaka tsiku lina amasowa. Amapita ku Ulaya ndi ku Asia kukaikira mazira.

Kale anthu sankadziwa kumene mbalamezi zimapita. Mu 1911 munthu wina ku Staffordshire, m'dziko la England, anaveka namzeze kamphete kumwendo. Mu Disembala 1912 namzeze yemweyo anapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kanali katayenda makilomita pafupifupi 10,000.

Mwana amene amachera ulimbo kudambo kapena kuponya legeni nayenso amafuna ndiwo, monga agogo a mnyamata uja. Njala si mlandu. Koma ndi bwino adziwe mbalame imene ali kuyang'ana. Mwina yawoloka cipululu ndi nyanja kuti ifike pamunda wa makolo ake. Mwina kutali uko kuli munthu amene ali kuidikira, kabuku kali m'manja.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Namzeze amakhala kuno miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, osapempha ufa kapena mphasa. Cimene amafuna ndi bango logonamo ndi njira yobwererera kwawo.

Gogo uja atafika kunyumba, cisanu cinali cisanathe. Anatenga botolo la mankhwala aja nalicotsa. Kenaka anapita kukhola, natsegula zenera la pamwamba, nalisiya lotsegula.