Ku Manhiça, Kumene Ana Anayamba Kuyesa Katemera wa Malungo

Munthu wochokera ku Ulongwe kapena ku Zóbuè akafuna kukafika ku Manhiça ayenera kumanga kamba wokwanira, pakuti ulendo wake pa basi umadya masiku awiri. Amaoloka Zambezi pa Tete, nadutsa Changara ndi Chimoio, kenaka pa Inchope nkulowa mseu waukulu wa EN1 wopita kumwera. Mtsinje wa Save ukatsala m'mbuyo chinenero chimasintha, ndipo pooloka Limpopo pa Xai-Xai mlendo wa Chichewa amakhala atasanduka bubu. Kukatsala makilomita 80 kuti basi ilowe mu Maputo, ndiye pa Manhiça pamenepo.

Tauni yake njaing'ono, yokhala pamtunda. Kumunsi kwake kuli chigwa cha mtsinje wa Incomati, chimene chimaoneka chobiriwira ndi minda ya nzimbe mpaka pamene maso alekezera. Anthu ake amayankhula Chichangana ndi Chironga. Amuna ambiri akhala akupita ku migodi ya ku Joni monga ankachitira makolo a kuno, ndipo akazi ndiwo amasunga midzi. M'chigwamo madzi sasowa, udzudzu nawo susowa.

Mlendo akapatuka kulowa m'midzi amadabwa ndi chinthu chimodzi: nyumba za kumeneko zili ndi manambala, ngakhale zofolera ndi udzu. Si za msonkho ai. Manambalawo ndi a malo ofufuzira za matenda otchedwa Centro de Investigação em Saúde de Manhiça, kapena CISM mwachidule, amene ali pafupi ndi chipatala cha boma. Malowa anatsegulidwa mu 1996, patangopita zaka zinayi nkhondo itatha, mogwirizana pakati pa dziko la Mozambiki ndi la Spain. Mmodzi wa amene anawayambitsa ndi dokotala wa ku Spain, Pedro Alonso. Kuyambira nthawi imeneyo antchito ao amayendera khomo ndi khomo kulemba amene wabadwa, amene wamwalira, mai amene ali woyembekezera ndi munthu amene wasamuka. Ntchito yake njotopetsa, yopanda ulemu, ya fumbi ndi agalu olusa. Koma popanda kaundula ameneyo palibe akanadziwa ngati mankhwala atsopano akupulumutsadi ana kapena ai.

Mu 2003 ofufuzawo anapita kwa makolo ndi pempho lolemera. Panali katemera wa malungo wotchedwa RTS,S, wopangidwa ku Belgium, amene anali atayesedwa kwambiri pa akuluakulu. Tsopano ankafuna kuona ngati angateteze ana aang'ono, amene ndiwo malungo amawatha. Udzudzu ukaluma, tizilombo ta malungo timayamba tapita kuchiwindi kukaswana, kenaka nkumwazikira m'magazi. Katemerayu amaphunzitsa thupi kuti litigwire tisanafike kuchiwindiko. Ofufuzawo sanabise kuti iwonso sankadziwa ngati adzagwiradi ntchito mwa ana.

Mai wa ku Maragra kapena ku Ilha Josina, kumene madzi osefukira a mu 2000 anali atangosesa midzi, anayenera kuganiza mofatsa. Mwana wake sakudwala, akusewera bwinobwino pabwalo. Amupereke kuti abayidwe katatu, mwezi ndi mwezi, ndiponso azitengedwa magazi. Chovuta china chinali chakuti theka la anawo silinalandire katemera wa malungoyo, koma wa matenda ena monga a chiwindi ndi chibayo, kuti pakhale pofanizira. Mwana uti alandira uti zinasankhidwa ngati mwa maere, ndipo mai sanauzidwe, ngakhale dokotala wopima mwanayo sankadziwa. Wodziwa kulemba anasaina, wosadziwa anadinda chala pamaso pa mboni.

Za magazi ndiye nkhani yosafuna kufotokozera anthu a kumalire. Mbiri ya anamapopa, imene ku Zambézia amati chupa-sangue, yavutitsapo anamwino ambiri, ndipo mu 2017 inaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ku Manhiça nako manong'onong'o okhudza magazi a ana anamvekapo. Sikuti amaiwo anali opusa. Munthu amene waona nkhondo, ndipo waonapo alendo akubwera ndi galimoto nkupita osatsanzika, ali ndi chifukwa chofunsira kuti magazi a mwana wake akupita kuti. Chimene chinathandiza nchakuti ofufuzawo sanali odutsa. Antchito ambiri anali ana a m'midzi yomweyo, ankakhala pansi ndi mafumu, ndipo mwana akatentha thupi usiku ankapeza womupima pachipatala.

Ana 2,022 a chaka chimodzi mpaka zinayi analowa m'kafukufukuyo. Zotsatira zinatuluka mu Okutobala 2004 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. M'miyezi isanu ndi umodzi, katemerayo anachepetsa kudwala malungo ndi magawo pafupifupi 30 pa 100, ndipo malungo aakulu aja okomola ndi kutha magazi anachepa ndi magawo 58 pa 100. Kunena kwina, ana ambiri obayidwa anadwalabe. Ena akunja anati ndi zochepa. Koma aka kanali koyamba kuti katemera aonetse poyera kuti angathe kuteteza ana a mu Africa ku malungo.

Zitatero ntchito inakula. Kuyambira 2009 mpaka 2014 katemerayo anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko asanu ndi awiri, ndipo Manhiça ndi Lilongwe anali m'gulu la malo oyeserawo. Pa 23 Epulo 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba kuupereka pa sikelo, kuyambira ku Mitundu, ndipo maboma oyandikana ndi Mozambiki monga Mangochi, Machinga, Phalombe ndi Nsanje anali m'gulu loyamba. Ghana ndi Kenya anatsatira. M'madera amenewo imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi magawo 13 pa 100. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza katemerayo mu Okutobala 2021.

Apa mpamene nkhani ya Manhiça imawawa. Mozambiki sanali m'gulu la maiko atatu aja. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu Ogasiti 2024, patapita zaka 21 chibayireni ana a ku Manhiça. Anayambira ku Zambézia, kumene malungo ali ochuluka, ndipo amene anafika ndi mng'ono wake wotchedwa R21, wokonzedwa ku Oxford potsata njira ya woyamba uja, wopangidwa ku India. Amaperekedwa kanayi, kuyambira mwana ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo salowa m'malo mwa neti ya udzudzu.

Ana aja a mu 2003 lero ndi anthu akuluakulu a zaka zoposa 20. Ena ali m'minda ya nzimbe, ena anapita ku Maputo kapena ku Joni, ambiri abereka ana aoao. M'magazini muja maina ao mulibe, muli chiwerengero chokha, chifukwa lamulo la kafukufuku limaletsa kutchula dzina la munthu woyesedwa. Mlendo wodikira basi ya ku Tete pa mseu wa EN1 akhoza kugula nthochi kwa mmodzi wa iwo osamudziwa.