Phokoso la tsiku lomasula mabandeji

Kuno ku Leeds ng'ala amaichotsa mwakachetechete. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo nthawi zina ndimaperekeza mmodzi wa iwo kuchipatala cha maso. Timapita atamwa tiyi wam'mawa, amawadontheza mankhwala m'diso, pakapita kanthawi atuluka ataphimbidwa ndi kapulasitiki. Athokoza adokotala ndi mawu awiri, tikwera takisi, madzulo ali pa TV. Ambiri ng'ala imakhala isanawatseke n'komwe. Dandaulo lawo ndi loti nyuzipepala yayamba kuoneka mwachifunga.

Ine ndinazolowera zina. Ndisanabwere kuno ndinali namwino wa maso m'chigwa cha Shire, kumene ng'ala imabwera kuchipatala itakhwima, diso lili mbee! Gulu la madokotala likamatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, uthenga unkadutsira kwa mafumu, m'matchalitchi ndi kwa alangizi a zaumoyo. Tsikulo likafika, njira zochokera ku Ngabu, ku Nchalo mpaka ku Bangula zinkatulutsa anthu awiriawiri: kamwana patsogolo katagwira nsonga ya ndodo, agogo m'mbuyo atagwira nsonga inayo. Kamwanako kanali kamsinkhu wa sitandade 3, koma kusukulu kanasiya kalekale, chifukwa maso a agogo ndiko.

Chimene chimandisowa ndi m'mawa wotsatira opaleshoni. Odwala ankakhala pamzere pakhonde, dzuwa lisanayambe ukali wake wa ku Chikwawa, magadiyani ataima chapatali ndi mapoto a phala. Unkamasula bandeji pang'onopang'ono, n'kupukuta chikope ndi thonje.

"Agogo, tsegulani. Musaope. Zala zingati izi?"

Zii. Kenako: "Ziwiri. Kodi ndiwe unkandiyankhula dzulo uja, mwanangu? Ine ndimayesa ndi munthu wamkulu!"

Pamenepo nthungululu zinkayambira kwa magadiyani. Mayi wina anayamba wayang'anitsitsa chitenje chimene anavala, n'kukalipira mpongozi wake kuti wakhala akumuveka chotuwa chonchi anthu akuona. Bambo wina sanalankhule kanthu, anangoimirira, n'kusiya ndodo pabenchi, ulendo wokadziimira yekha pamzere wa mankhwala.

Amene anatilambulira njira imeneyi ndi malemu Pulofesa Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso. Mu 1983 anali m'gulu la akatswiri amene anayenda m'midzi ya m'chigwa chomwecho kuyeza anthu, kuti adziwe chimene chikuwachititsa khungu. Ng'ala inalipo, trachoma inalipo, ndipo ana ena ankawonongeka maso chifukwa chosowa vitamini A, makamaka chikuku chikawagwira. Munthu mmodzi, ngakhale akhale ndi manja abwino chotani, sakanatha mzere wotalika chonchi. Nzeru ya a Chirambo inali yophunzitsa ena. Ku Lilongwe, mothandizidwa ndi bungwe limene lero timaliti Sightsavers, anakhazikitsa maphunziro a maso a ma clinical officer, ndipo ophunzira ankachokera ngakhale m'mayiko ena a SADC. Ena mwa iwo anafika pochotsa ng'ala okha m'zipatala za m'maboma. Alipo amene ankanyinyirika kuti mpeni wa diso ndi wa dokotala yekha. Onyinyirikawo sindinawaonepo ku Nsanje mwezi wa Okutobala.

A Chirambo pambuyo pake analowa ndale. Mu 2009 anapambana mpando wa Rumphi Central, nakhala nduna ya zaumoyo, ndipo anamwalira mu Ogasiti 2010. Za undunazo akambe ena. Ine ndimawadziwira m'manja mwa anthu amene anandiphunzitsa kutembenuza chikope ndi kamtengo kathonje, poti nawonso anaphunzitsidwa ndi iwo.

Kutembenuza chikopeko kunali kufufuza trachoma. Imayamba ngati nkhani yaing'ono, manthongo m'maso mwa mwana ndi ntchentche zomuzungulira. Ikabwerezabwereza zaka zambiri, chikope chimachita zipsera mkati n'kupindika, nsidze n'kuyamba kukanda diso nthawi iliyonse munthu akaphethira. Amayi ambiri ankangozizula okha, zikamera azulenso. Mu Seputembala 2022 ndinawerenga pafoni, ndili pa shifiti ya usiku, kuti WHO yavomereza kuti Malawi wathana ndi trachoma, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa. Ndinaganiza za mapiritsi a azithromycin amene ankagawidwa mudzi ndi mudzi, za ndodo yoyezera msinkhu wa ana kuti tidziwe mlingo wa mankhwala, za ntchito ya a Dr Khumbo Kalua ndi anzawo a bungwe la BICO. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna womuuza. Mnzanga wa shifitiyo anamwetulira mwaulemu, n'kufunsa ngati ndasintha kale zofunda za m'chipinda chachitatu.

Ng'ala yokha ndiyo sidzatha, poti imabwera ndi imvi. Panopa yagwira azakhali anga. Ndalama ya thiransipoti yopitira ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens ndinatumiza kale, koma iwo akuti anamva kuti kumeneko amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi. Bodza limeneli ndinkalimbana nalo pakhonde lija, nditagwira munthu dzanja. Pa WhatsApp n'zovuta, mawu amaduka.

"Azakhali, amangochotsa kachifungako n'kuika kagalasi kakang'ono. Diso ndi lanu lomwelo."

"Ngati n'zoona, bwera udzandiperekeze wekha."

Ndawauza kuti tchuthi changa chili mu Juni. Akuti adikira, bola ndisawanamize ngati chaka chatha.