Napolo Anali Kale, Atero Malume

Malume anga ndi mphunzitsi wopuma, ndipo monga achitira aphunzitsi opuma onse, sanaleke kuchonga. Loweruka lina madzulo ndinakawaona ku Chirimba, m'thumba nditapinda ndakatulo ya kusintha kwa nyengo imene bungwe lina linandipempha kuti ndikalakatule pamsonkhano wawo kuhotela. Magetsi anali atazima. Tinakhala pakhonde, mbaula pakati pathu, ine n'kumawerenga pa kuwala kwa foni.

Nditamaliza anakhala kaye duu, akutembenuza chimanga pamakala.

"Akulipira zingati, mphwanga?"

Ndinawauza. Zinali zokwanira lendi ya miyezi iwiri.

"Basi yakoma," anatero. "Koma pa makumi ndikupatsa atatu. Iwe ukuti nyengo yayamba kupenga lero. Napolo anatsika phiri la Zomba mu 1946, kunali mafakitale angati kuno? Njala ya 1949 inabwera ndi utsi wa galimoto la yani? Ku Phalombe mu 1991 miyala inakwirira midzi, iwe usanabadwe kapena uli kumsana. Ndipo kafufuze wekha: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika moti Shire analeka kutuluka. Anthu awa apeza dzina latsopano la mavuto akale, dzinalo ndiye likuwadyetsa."

Inetu ndinakwiya, osati chifukwa ankanama ayi, koma chifukwa chilichonse chimene anatchula chinali choona. Ine ndinali ku Chilobwe mu Malichi 2023, kope lili m'manja, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche. Ndinaona amuna akufukula matope ndi makasu, kufunafuna ana awo. Anthu oposa 600 anamwalira m'dziko muno, mazana ena sanapezeke mpaka lero. Kuti munthu andiuze kuti zonsezo n'zakale, ndinamva ngati akunyoza maliro. Komabe yankho ndinalibe, chifukwa ndakatulo yanga inali ndi misozi yambiri, mfundo ayi.

Sabata yotsatira ndinaiwononga n'kuwerenga. Ndinapeza kuti nkhaniyi siinayambe ndi mabungwe a magalimoto oyera. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kale kuti mpweya wa kaboni ukachuluka m'mlengalenga, dziko lidzatentha. Mu 1958 Charles Keeling anayamba kuyeza mpweyawu paphiri la Mauna Loa ku Hawaii, n'kupeza magawo pafupifupi 315 pa miliyoni. Lero adutsa 420. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo chinyezicho chikatsika ndiyo mvula yosakata ija. Akatswiri a World Weather Attribution atafufuza anamondwe a mu 2022, kuphatikizapo Ana, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula yake. Palibe wasayansi akunena kuti napolo ndi mlendo. Akunena kuti napolo yemweyo tsopano akumwa madzi ambiri asanatsike.

Ndinabwerera ku Chirimba ndi manambala anga, mutu uli m'mwamba. Malume anamvetsera, n'kugwedeza mutu.

"Chabwino, tinene kuti azungu ako ayeza bwino. Tsono tandiuza, ndime yachinayi ija ukutemberera woocha makala, nsima ya lero waphikira chiyani?"

Apa ndiye ndinagwa nayo. Ndinali nditaphikira makala, ogula kwa bambo wina amene amalawirira mbandakucha kukankha njinga ya matumba atatu kuchokera kutali. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, zilango zinakwera, koma mbaula m'nyumba zathu sizinachepe. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka chathunthu n'kupitirira. Masiku amenewo aliyense mumzinda muno, wolalikira za mitengo yemwe, anali pamzere wa makala.

Malume sanalekere pomwepo. Anandikumbutsa kuti sitima zodzaza malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko lathu lomweli kupita kudoko la Nacala, kukayatsa ng'anjo za eni ake kutsidya la nyanja, pamene malo opangira magetsi a malasha amene ankanenedwa ku Kam'mwamba anathera pa pepala. Anandikumbutsa kuti mu 2022, gasi wa ku Russia atavuta, Germany anadzutsanso malo ake a malasha amene anali atawagoneka, popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Africa yense satulutsa ngakhale 4 peresenti ya mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha. Mayiko olemera analonjeza ku Copenhagen mu 2009 kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni pachaka. Anafikapo mochedwa mu 2022, zambiri zili ngongole. Akulu anati fodya n'uyu ali pamphuno.

Awerengi anzanga, apa ndi pamene ndinazindikira kuti kukayika kwa malume kuli pawiri, ndipo ife olemba timakusakaniza dala kuti tisavutike kuyankha. Pa za sayansi alakwitsa, ndipo ndinawauza pamaso, mwaulemu. Dziko likutentha ndithu, 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zimene zinayezedwapo, ndipo amene adzakwiriridwe ndi matope otsatira ndi ife tomwe. Koma pa za yemwe ayenera kusenza mtolowo, malume ali ndi mlandu womveka. Munthu amene akuuzidwa kuti asiye makala asanapatsidwe china chophikira amayamba kukayika uthenga wonse, ndi zoona zomwe. Magetsi a dzuwa a ku Salima ndi ku Golomoti ndi chiyambi chabwino, koma sanafike pansi pa mphika wa mayi wa ku Mbayani.

Tsiku la msonkhano linakwana. Ndime yachinayi ndinaichotsa, m'malo mwake ndinaika ya bambo wa njinga uja, thukuta lake ndi ana ake asanu. M'holo munali zoziziritsa mpweya, jenereta ikulira kuseri. Anaomba m'manja pang'ono, mwaulemu. Ndalama anandipatsa, koma mpaka pano sanandiitanenso.

Nditawaonetsa malume pepala latsopanolo, anavala magalasi, anawerenga kawiri, n'kutulutsa cholembera chofiira m'thumba la shati.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Koma za Shire uja sunandiyankhe bwino. Ubwerenso Loweruka."