Ali ndi Fury? Yambani Mwandiuza Maraundi Ake

Munthu akandiuza kuti Muhammad Ali sakanatha maraundi atatu ndi Tyson Fury, ine ndimangomufunsa chinthu chimodzi: nkhonya yakeyo ndi ya maraundi angati? Ambiri amaona ngati ndikuzemba mkangano, chonsecho mkangano wonse wagona pamenepo.

Ife okulira pa foni, nkhonya zakale timazionera pa timavidiyo ta masekondi 30, zithunzi zakuda ndi zoyera, zodukaduka, anthu akuoneka ngati akukankhana pa mzere wa pachigayo. Ukangotsetsereka ndi chala, uyu Anthony Joshua, minofu ili nyezinyezi, makamera mbali zonse. Basi chigamulo chatha: madala aja anali timatupi, lero angaphedwe. Malume anga ndiye amakana kwamtuwagalu. Iwo nkhonya ya Ali ndi George Foreman ya ku Kinshasa, pa 30 October 1974, anaimvera pa wailesi m'bandakucha, ndipo mpaka lero amaifotokoza ngati anali pampando wakutsogolo. "Mphwanga," amatero, "anyamata a masiku anowa ndi ojambulitsa basi." Ine sindigwirizana nawo onse, malume ndi anzanga omwe.

Nkhani ya matupi ndi yoona, tisaipsatire. Rocky Marciano, uja anapuma atapambana nkhonya 49 osagonjapo, ankalemera makilogalamu pafupifupi 84. Lero sangakhale n'komwe mu heavyweight, angagwere mu cruiserweight, momwe malire ake ndi makilogalamu 90.7. Fury pokumana ndi Oleksandr Usyk koyamba anakwera sikelo n'kupezeka 119. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 35, kupitirira theka la thumba la chimanga, ndipo thumbalo likukutsamira pakhosi raundi iliyonse. Malume amathawira kwa Joe Louis, yemwe mu 1935 anathidzimula chimphona cha ku Italy, Primo Carnera, cholemera 118. Zoona, koma Carnera anali wolemera miyendo. Chimphona chodziwa kuvina mu ring'i ngati Fury kapena Lennox Lewis ndi nyama ina. Marciano, pepani malume, ine ndikuona kuti manja ake aafupi aja akanangopalasa mphepo.

Koma anzanga nawonso amalumpha mfundo. Amaika Ali, Foreman ndi Larry Holmes m'gulu limodzi ndi Marciano chifukwa choti onse ndi "akale". Ali anali wamtali masentimita 191, ndipo ku Kinshasa analemera makilogalamu 98. Usyk? Masentimita 191 omwewo, makilogalamu 101 tsiku lomwe anagonjetsa Fury ku Riyadh mu May 2024. Munthu wa thupi la Ali yemweyu wamenya Joshua kawiri, Fury kawiri, ndipo mu raundi 9 ya nkhonya yoyamba ija Fury ankadzandira kuchoka chingwe ichi kupita icho ngati wochokera kothimitsa mowa. Usyk sanachite zimenezi ndi mphamvu. Anachita ndi miyendo, mpweya ndi mutu, zida zomwe Ali anali nazo zosefukira.

Tsopano maraundi. Nkhonya za lamba kale zinkapita mpaka 15, lero zimathera pa 12. Zikumveka ngati zazing'ono, eti? Mphindi zisanu ndi zinayi zokha. Koma taonani zomwe zinkachitika m'mphindi zimenezo. Mu 1941 Billy Conn, munthu wopepuka, anali patsogolo pa Joe Louis kwa oweruza awiri mwa atatu raundi 12 itatha. Anagwa mu 13. Mu 1952 Jersey Joe Walcott anali patsogolo pa Marciano, mpaka chibakera chimodzi cha dzanja lamanja chinamugoneka mu 13. Mu 1981 Thomas Hearns anali patsogolo pa Sugar Ray Leonard kwa oweruza onse, koma nkhonya inaimitsidwa mu 14 Hearns ali pa zingwe. Belu likanalira komaliza pa 12 monga lero, Louis akanataya lamba usiku umenewo, Marciano sakanakhala ndi 49 yopanda banga ija, Leonard akanapita kwawo wogonja. Mbiri ya nkhonya yonse ikanalembedwa mwina.

Nde mukati wakale akumane ndi wamakono, mukumuika m'masewera ati? Munthu wolemera makilogalamu 120 akhoza kudzisunga maraundi 12. Muwonjezereni atatu, potentha, akuthamangitsa munthu wosaima malo amodzi, muone ngati thupi lomwe limamupatsa mwayi lija silisanduka katundu.

Apa mpamene malume amamwetulira, koma mpamenenso ine mtima umandiwawa. Maraundi atatu amenewo sanachotsedwe chifukwa anyamata a lero ndi aulesi. Mu November 1982 ku Las Vegas, Duk Koo Kim wa ku South Korea anagwetsedwa ndi Ray Mancini mu raundi 14, ndipo patapita masiku anayi anamwalira. Bungwe la WBC linadula maraundi kufika pa 12, ena n'kutsatira pambuyo pake. Ku Manila mu 1975 Ali ndi Joe Frazier anaswana mpaka raundi 14 kutha, maso a Frazier atatupa osaonanso bwino, mpaka mphunzitsi wake Eddie Futch anakana kumutulutsa ya 15. Timaiombera m'manja nkhonya imeneyo, inenso ndaionera kangapo ndi bandulo ya usiku. Koma ndikaona Ali wa 1996 ku Atlanta, akuyatsa muuni wa Olympics dzanja likunjenjemera, mawu oti "akale anali olimba" amandikakamira pakhosi.

Chomwe akale anali nacho chosatsutsika n'chizolowezi. Sugar Ray Robinson anamenya nkhonya pafupifupi 200. Mu February 1943 anagonja kwa Jake LaMotta, patatha milungu iwiri anamenyana ndi munthu wina, mlungu wotsatira n'kubwerera kwa LaMotta kukabweza chipongwe. Nkhonya zitatu mwezi umodzi! Akatswiri a lero kawiri pachaka ndiye kuti alimbikira. Ali ndi madokotala, odziwa zakudya, mavidiyo a mdani aliyense, inde. Koma pali zinthu zomwe thupi limaphunzira pokhapokha likumenyedwa ndi munthu wofuna ndalama yako.

Za Mike Tyson wa zaka 58 ndi Jake Paul pa Netflix musandiuze, imeneyo inali bizinesi. Mukafuna wakale amene analowadi m'nyengo ya ena, ndi Foreman. Mu November 1994, ali ndi zaka 45, zaka 20 chichokereni ku Kinshasa, anakumana ndi Michael Moorer wa zaka 26 yemwe anali asanagonjepo. Anatsalira maraundi ambiri, nkhope itatupa, kenaka mu raundi 10 dzanja lamanja limodzi, Moorer gada. Ameneyo anali Foreman wa mimba. Nanga wa 1973, wogwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri, akanamutani Joshua yemwe anagwetsedwa kanayi ndi Andy Ruiz?

Ali wa 1966 ine ndikumupatsa Fury pa mapointi, akhale 12 kapena 15. Amene amandisowetsa tulo ndi Usyk, chifukwa ndi wamanzere. Chaka chomwecho cha 1966 ku Frankfurt, wamanzere wina, Karl Mildenberger wa ku Germany, anamuvutitsa Ali mpaka kufika naye raundi 12, ndipo Mildenberger sangafanane ndi Usyk ngakhale pang'ono. Ndalama yanga ndingaikebe pa Ali, koma ya lendi ayi.