Tisanamunene wa Pagolo

 Lelo ndabwela ndi nkhani ya mpila, koma mpila wake ndi wacilendo. Mundipilile pang'ono, pakuti m'nkhani imeneyi muli mnyamata wina wa kwathu kuno amene ine ndinamulakwila.

Pamene ndinali ku koleji, mnzanga wogona naye cipinda cimodzi anali ndi laputopu, ndipo anali kukonda kuonelela masewela a ku America amene eni ake amawacha football. Dzinali lisakunamizeni. Mpila wake ndi wosongoka uku ndi uku, amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, ndipo phazi limaukhudza mwa kamodzi-kamodzi. Tsiku loyamba ndinangoseka. Ndinaona anthu ovala zisote zolimba akugundana monga nkhunzi pa dambo, wisulo nkulila, onse nkuimilila, nkuyambanso. Mnzangayo anati, “Iwe, leka kuyang'ana mpila. Yang'ana amuna asanu ali kutsogolowo.”

Timu iliyonse imakhala ndi osewela 11 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpila imapatsidwa mipata inai kuti ipite patsogolo mayadi 10, ndiko kuti mamita 9 ndi kanthu pang'ono. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina inai. Woponya mpila amamucha quarterback, ndipo ndiye amene dzina lake limamveka. Kutsogolo kwake kumaima mpanda wa anthu asanu: center pakati, ma guard awili pambali pake, ndi ma tackle awili kumapeto. Ambili mwa iwo amalemela makilogilamu pafupi-fupi 140, kungotsala pang'ono kufika matumba atatu a cimanga. Lamulo siliwalola kuthamangila kutsogolo kukawakha mpila. Siliwalolanso kumukumbatila mdani kapena kumukoka malaya. Akatelo, timu yonse imabwezedwa m'mbuyo mayadi 10. Coipa kwambili n'cakuti iwo amachinga akubwelela cafutambuyo, pamene mdani akubwela cothamanga ndi mphamvu zake zonse. Nchito yao yonse ndi kumupezela woponya uja masekondi awili ndi theka kapena atatu. Akalephela, woponyayo amagwetsedwa ali ndi mpila m'manja, ndipo cimeneco amacicha sack.

Nthawi zina mpanda umagwa cifukwa munthu mmodzi wangogonja. Mdani waliwilo wamuzungulila kunja, kapena wamphamvu wamukankha mpaka kumugwetsela pa woponya wake yemwe. Zimenezo aliyense angazimve. Cimene cinandidabwitsa ine n'cakuti mpanda umagwanso onse asanu ali ciimile, popanda wogonja mphamvu.

Taganizilani adani awili ataima moyandikana, wina moyang'anizana ndi guard, wina moyang'anizana ndi tackle. Mpila ukangoyamba, wakunja uja amalowa m'kati nkukagunda phewa la guard, ndipo tackle amamulondola poganiza kuti uyu ndi munthu wake. Pamenepo wam'kati uja amazungulila kumbuyo kwa mnzake nkutulukila kunja, kumene tackle wacokako kale. Anthu awili akulimbana ndi mdani mmodzi, ndipo wina akuthamanga yekha m'njila yopanda munthu. Cinyengo cimeneci amacicha stunt. Mankhwala ake ndi amodzi: tackle amusiye wolowa m'katiyo m'manja mwa guard, iye nkudikila amene akubwela. Koma kusiya munthu amene wamugwila kale n'kovuta. Umamusiya kokha ngati udziwa kuti mnzako ali pomwepo ndipo amulandila, ndipo palibe nthawi yoceuka kuti uone. Awili amene asewela moyandikana kwa nthawi yaitali amapatsilana popanda kulankhula. Awili amene aikidwa pamodzi dzulo, aliyense amakakamila wake.

Palinso nkhani ya kuwelenga. Kawili-kawili adani anai ndiwo amathamangila woponya, koma nthawi zina amatumiza asanu kapena asanu ndi mmodzi, cimene amacicha blitz. N'cifukwa cake mpila usanayambe mudzaona center akuloza ndi cala ndi kufuula: akuuza anzake kuti kuwelenga kuyambile pa uje, kuti aliyense adziwe wake. Akaloza molakwa, kapena phokoso la oonelela likameza mau ake, mmodzi amatsala wopanda womuchinga. Woponya nayenso amalakwa. Akasunga mpila nthawi yaitali, palibe mpanda umene ungaime masekondi asanu.

Woponya wa dzanja lamanja amafulatila kumanzele, conco saona cobwela kucokela mbali imeneyo. Pa 18 November 1985, Lawrence Taylor wa New York Giants anamugwela Joe Theismann wa timu ya ku Washington, ndipo mwendo wa Theismann unathyoka koipa. Taylor yemweyo ndiye anadzuka nkuyamba kukodola madokotala. Theismann sanasewelenso. Tsiku limenelo tackle wake wa kumanzele wa masiku onse, Joe Jacoby, sanali m'bwalo cifukwa anali atavulala.

Masewela amene mnzanga anandionetsa mobweleza-bweleza anali fainolo yao, imene amaicha Super Bowl, ya pa 7 February 2021 mu mzinda wa Tampa. Kansas City Chiefs inali ndi Patrick Mahomes, katswili amene anatenga cikho comweco caka cam'mbuyo. Koma ma tackle ake onse awili anali ovulala: Mitchell Schwartz msana, ndipo Eric Fisher anaduka mtsempha wa kucidendene masabata awili fainolo isanafike. Aphunzitsi a timu anatenga Mike Remmers, amene anali kuimilila kumanja, nkumuika kumanzele. Andrew Wylie anacoka pa guard nkupita pa tackle wa kumanja, ndipo pa malo a Wylie panalowa wina. Kuvulala kwa Fisher yekha kunasuntha malo atatu. Tampa Bay Buccaneers sinavutike n'kutumiza anthu ambili. Anai okha anali kukwanila. Mahomes anathamangitsidwa ka 29. Owelenga anapeza kuti pothawa-thawa kumbuyo kwa mpanda wake anathamanga mayadi 497, ndiko kuti mamita oposa 450, osapita patsogolo. Analuza 31 kwa 9. Ndinamumvela cifundo, ndipo ndinadziona ngati munthu amene wamvetsa cinthu.

Mu July 2024, anthu atatha kukolola, timu ya acinyamata a pa chalichi pathu inaitanidwa kukasewela ku Sinda. Ine ndine ndimaiphunzitsa, osati cifukwa codziwa kwambili, koma cifukwa mpila ndi pampu zimagona kunyumba kwanga. Tinasonkhelana ndalama ya kanta, atsikana a kwaya nawonso anakwela kuti akatiimbile. M'mawa wa Ciwelu ndinamva kuti namba 3 wathu, wochinga kumanzele, wapita ku malilo a amalume ake ku Vubwi.

Pa benchi panali kamnyamata kena kamene kamasewela malo omwewo, koma ndinakaona kucepa. Tsono ndili pamwamba pa kanta, mphepo ya pa Great East Road ikundiomba, ndinakonza nzelu zanga. Namba 5, amene ndiye pakamwa pa timu yathu, wouza anzake pamene ayenela kukwela ndi pamene ayenela kubwelela, ndinamukankhila kumanzele. Namba 2 ndinamulowetsa pakati. Kumanja ndinaikako mnyamata wa pakati pa bwalo amene sanachingepo cibadwile. Posowa munthu mmodzi, ndinasuntha atatu.

A ku Sinda anali ndi anyamata awili kutsogolo amene anali kusinthana malo mosalekeza. Wina akathamangila kumanja, anyamata anga awili apakati anali kumulondola onse, winayo nkutsala yekha. Namba 5 anali kufuula ali kutali kumzele, mau ake nkuthela m'nyimbo ndi ng'oma za eni bwalo. Pofuna kuchela ofusaidi, atatu anali kukwela, mmodzi nkutsalila. Pofika pa hafu tinali titamwa zigoli zitatu, ndipo pomaliza zinakwana zisanu.

Wa pagolo wathu anali mnyamata wa zaka 16, wofatsa, wa giledi 10. Kanai konse anapezeka ali yekha ndi mdani, popanda womuthandiza. Cigoli cimodzi cokha ndico cinali cake ndithu, pakuti mpila unamupulumuka m'manja. Koma oonelela amaona mpila ukulowa, ndi munthu amene wagona pansi pafupi nao. Anayamba kumuimba kuti manja ake ndi a sefa. Ndipo ine, pa hafu, pamaso pa anzake ndi pa atsikana a kwaya, ndinamufunsa kuti, “Kodi iwe wabwela kudzaonelela?” Sanayankhe. Pobwelela anakhala kumbuyo kweni-kweni kwa kanta, atafulatila tonse. Ku masewela sanabwelenso. Ku misonkhano ya acinyamata ya pa Sondo masana analekanso. Ndinauza komiti kuti ana a masiku ano safuna kudzudzulidwa, ndipo anandivomeleza.

Panapita miyezi isanu ndi iwili. Mu February 2025 mnzanga wa ku koleji uja ananditumizila vidiyo pa foni. Kansas City inafikanso pa fainolo, pa 9 February mu New Orleans, kukumana ndi Philadelphia Eagles. Muyenela kudziwa kuti pambuyo pa manyazi a 2021 timuyi inamanganso mpanda wake ndi anthu atsopano, monga Joe Thuney ndi Creed Humphrey, ndipo mu February 2023 inagonjetsa Eagles yomweyo 38 kwa 35, Mahomes osagwetsedwa ngakhale kamodzi. Koma mu 2025 malo a tackle wa kumanzele anavutanso, ndipo anatenga Thuney, guard wao wodalilika, nkumukankhila kumapeto. Eagles sinatumize blitz ngakhale imodzi. Anai okha anamugwetsa Mahomes kasanu ndi kamodzi, ndipo masewela anatha 40 kwa 22. Munthu ndi yemweyo, dzanja ndi lomwelo, 2023 ngwazi, 2025 wothawa-thawa.

Ndinaonelela kawili nditakhala pakhonde. Kaciwili sindinali kuonanso Thuney. Ndinali kuona namba 5 wanga ataima kumzele ku Sinda, akufuula popanda womumva. Zinthu zimenezi ndinali kuzidziwa kucokela ku koleji, ndinali kuzifotokozela ngakhale anthu ena monyada, koma sizinandibwelele m'mutu pamene ndinali pamwamba pa kanta.

Ndinakumbukanso usiku wa pa 12 February 2012, ndili mwana, titadzazana m'sitolo ina kuonelela Chipolopolo ku Libreville. Masewela atangoyamba, Joseph Musonda anavulala nkutuluka akulila. Hervé Renard analowetsa Nyambe Mulenga, koma Stoppila Sunzu ndi Hichani Himoonde anawasiya pakati pomwepo pamene anazolowelana. Côte d'Ivoire ya Didier Drogba sinagoletse kwa mphindi 120, ndipo tinatenga cikho pa mapenati 8 kwa 7. Tonse timakumbuka Kennedy Mweene, ndipo n'zoona anagwila nchito. Koma ndi angati a inu amene mungachule anai amene anaima kutsogolo kwake?

Ciwelu cotsatila ndinapalasa njinga kupita kwao kwa mnyamata uja. Ndinapeza amai ake akusenda nshawa. Nditaodila ndi kupatsidwa mpando, anati, “Aphunzitsi, mwacita bwino kubwela. Mwanayu magolovesi anawaponya pa denga la nkhokwe, ndipo mvula yonse yathela pomwepo.” Anamuitana ku dimba. Anabwela, nkukhala pansi capatali.

Ndinamuuza kuti zigoli zinai za ku Sinda zinali zanga, ndi kuti mau amene ndinamunena pa hafu anali oipa. Ndinatola kamtengo nkujambula pansi mmene ndinasunthila anthu atatu, ndi mmene awili anali kulondola mmodzi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga kamtengoko nkukonza cojambula canga, pakuti namba 2 ndinamuika molakwa.

“Aphunzitsi, ine zonsezi ndinali kuziona,” anatelo. “Pagolo umaona bwalo lonse.”

“Nanga bwanji sunanene?”

“Munandifunsa ngati ndabwela kudzaonelela.”

Amai ake anapitiliza kusenda nshawa osakweza mutu. Ndinamupempha kuti abwelele. Anati adzaganiza, ndipo anaonjeza kuti popeza ndinamunena pamaso pa anthu, mau amene ndanena pakhomo pao ndikawanenenso pamaso pa anthu omwewo. Ndinawanena pa Sondo, pa msonkhano wa acinyamata, kwaya ilipo. Iye kunalibe, koma mlongo wake analipo.

Anabwela patapita masabata atatu, wopanda magolovesi, pakuti aja anali ataola. Tsikulo namba 3 anacedwanso ku munda. Ndisanatsegule pakamwa, mnyamatayo anaitana kamnyamata ka pa benchi kaja nkukalozela kumanzele, ndipo anauza namba 5 kuti asasunthe pakati.