Malenzi anayi pa njira ya Yakobe Woyera

Mu ofesi yolandirira apaulendo m'tauni ya Saint-Jean-Pied-de-Port, m'munsi mwa mapiri a Pyrenees ku France, muli sikelo yopacikapo katundu. M'mwezi wa May 2023 ndinapacikapo cola canga, ndipo muvi wa sikeloyo unakaima pa makilo 12. Amayi acikulire amene anali kutipatsa timabuku ta ulendo anayang'ana sikelo, nayang'ana ine, nandifunsa kulemera kwa thupi langa. Nditayankha kuti makilo 70, anandiuza mofatsa kuti anthu odziwa njira imeneyi salola cola kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi la mwini wake. Langa linali kuyenera kukhala makilo 7. Ndinawathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinati amayiwa sadziwa za nchito ya wojambula.

Njira imene ndinali kuyamba ndi ija yochedwa Camino Francés, yotalika makilomita pafupifupi 780, yodutsa kumpoto kwa dziko la Spain mpaka ku Santiago de Compostela, kumene Akhristu akhala akulemekeza manda a Yakobe Woyera, mtumwi, kwa zaka zoposa 1,000. Munthu amayenda pansi mwezi wathunthu ndi masiku angapo, akutsata mivi yacikasu yolembedwa pa miyala ndi pa makoma, nagona m'nyumba za apaulendo, momwe amamudindira kabuku kake. Zonse zimene afuna amazisenza yekha kumsana.

Zovala zanga sizinali zambiri. Cimene cinalemeretsa cola cinali kamera ya Canon EOS 6D, imene ndimajambulira maukwati ndi maubatizo, pamodzi ndi malenzi ake anayi. Awiri anali akuluakulu, a mtundu wa zoom: ya 24-70mm f/2.8 yolemera magalamu 805, ndi ya 70-200mm f/2.8 yolemera magalamu 1,490. Awiri ena anali ang'onoang'ono: ya 50mm f/1.8 ya magalamu 160, ndi kalenzi kaphwathalala ka 40mm f/2.8 ka magalamu 130 okha, kamene ndinakaponya m'cola pomaliza popanda kukaganizira kwenikweni.

Kwa inu owerenga amene simunagwirepo kamera yosintha malenzi, manambala amenewa ali ndi tanthauzo losavuta. Nambala ya mm ikakhala yaing'ono, monga 24, lenzi imaona malo aakulu: bwalo lonse la chalichi ndi anthu ake. Ikakhala yaikulu, monga 200, imaona kamalo kocepa koma imakokera pafupi zinthu za kutali. Zoom imasintha pakati pa manambala awiri, ndipo cifukwa ca ici imakhala ndi magalasi ambiri m'kati mwake. Nambala ya f ikunena za bowo lolowera kuwala, ndipo imayenda cobwerera: ikacepa, bowo lakula. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa ya f/4, pamene ya f/1.8 imalowetsa kowirikiza pafupifupi kasanu. Tsono zoom yokhala ndi bowo lalikulu ndiyo imalemera kopambana, pakuti imafuna magalasi ambiri, ndiponso aakulu.

Tsiku loyamba ndilo lovuta koposa pa njira yonseyo. Pa makilomita 25 opita ku Roncesvalles munthu amakwera kucokera pa mamita osakwana 200 kufika pa mamita oposa 1,400. Ndinaona akavalo akudya msipu m'nkhungu, ndinaona miimba ikuzungulira pamwamba pa zigwa, koma sindinajambule ciliconse ca izi. Lenzi yaikulu inali pansi pa cola, yokulungidwa m'juzi, ndipo kuti ndiitulutse ndinayenera kutula katundu, kumasula zingwe, kusintha lenzi, ndi kusenzanso zonse. Ndinatero kawiri m'mawa. Dzuwa litafika pamutu ndinalibenso mphamvu yotero, ndipo ndinangoyenda cowerama, maso ali pa nsapato.

Bondo lakumanja linayamba kupweteka tsiku laciwiri, pa mtsetse wa miyala wotsikira ku Zubiri. Tsiku lacitatu ndinalowa mumzinda wa Pamplona ndikutsimphina, bondo litatupa. Mnzanga wina wa ku Ireland, namwino wopuma pa nchito amene tinagona m'cipinda cimodzi, analigwira nandiuza mosabisa kuti ndikapitiriza ndi katundu wotere sindidzafika ngakhale ku Burgos. Mau amenewa anandilasa mtima. Ulendowu ndinauyembekeza zaka zambiri, ndipo ndinali nditalonjeza kukapereka Misa ku manda a mtumwi cifukwa ca malemu amayi anga. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinauzidwa osafunsa n'komwe, koma phulalo ndinalidyabe.

Usiku umenewo ndinayala malenzi anayi aja pa bedi, ndi kuyang'ana zithunzi za masiku atatu apitawo. Kamera imalemba lenzi ndi nambala ya mm pa cithunzi ciliconse, ndipo umboni wake unandicititsa manyazi. Zithunzi za 70-200mm zinali zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Za 24-70mm zinali zambiri ndithu, koma pafupifupi zonse ndinazijambula pakati pa 35mm ndi 50mm, pomwe kalenzi kaphwathalala kaja kakadagwira nchito yomweyo. M'mawa ndinapita ku positi. Mapositi a ku Spain amalandira maphukusi a apaulendo ndi kuwasungira ku Santiago mpaka eni ake atafika. Ndinatumiza zoom ziwiri zija, magalamu 2,295, pamodzi ndi buku limodzi, nsapato zapadera ndi juzi laciwiri. Ndinapumula tsiku lathunthu, ndipo pocoka m'Pamplona cola cinali pa makilo 8.

Ndisaname kuti sindinatayepo kanthu. Ku Burgos, katedralo ndi yaitali kwambiri ndipo bwalo la kutsogolo kwake ndi locepa, kotero ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukwera masitepe, nsanja zake zikukanabe kulowa m'cithunzi cimodzi. Ndinajambula zidutswa zitatu zoti ndikazilumikize pa kompyuta. Cimene cinandiwawa koposa ndi adokowe oyera, mbalame zimene nafenso timaziona kwathu m'nyengo ya mvula. M'midzi ya m'cigwa ca Meseta, pakati pa Burgos ndi León, zimamanga zisa zikuluzikulu pamwamba pa nsanja za machalichi, ndipo m'mwezi umenewo zinali ndi ana. Pa 50mm dokowe amaoneka ngati kadontho. Tsiku lililonse ndinali kuziyang'ana ndi kukumbukira phukusi langa limene linali litafika kale ku Santiago.

Koma cinthu cina cinasintha cimene sindinaciyembekeze. Kamera yokhala ndi kalenzi ka 40mm inapepuka mokwanira kuti ndiikolowekere pa lamba wa cola, pa cifuwa, tsiku lonse. Sindinalinso kutula katundu. Kuwala kwa m'bandakuca pa minda ya tirigu, mthunzi wautali wa woyenda patsogolo panga, mapazi a matuza oviikidwa mu mtsinje, zonsezi ndinazijambula cifukwa kamera inali pafupi ndi dzanja.

Ndiponso lenzi yaifupi inandikakamiza kusintha mkhalidwe. Ndi 200mm munthu amaima patali, naba nkhope ya mnzake iye osadziwa, ndipo ndiulule kuti pa maukwati ndimacita zimenezi kawirikawiri. Ndi 40mm kuba kotere sikutheka. Uyenera kufika pafupi, mamita awiri kapena atatu, kupereka moni, ndi kupempha. Ena anakana, ndipo ndinawapepesa ndi kupitirira. Koma agogo ena aakazi a ku Galicia, amene ndinawapeza akuthamangitsa ng'ombe zawo m'kanjira ka matope, atamva pempho langa la m'Cisipanishi cothyokathyoka anaseka, nakonza mpango wawo, naima cilili atagwira ndodo ngati mfumu. Pambuyo pake anafuna kudziwa kwathu, ndipo dzina la Zambia anali asanalimvepo. Tinaceza ndi manja kwa mphindi khumi. Cithunzi cimeneco ndico cokha ca ulendo wonse cimene ndinacipacika m'nyumba.

Lenzi ya 50mm f/1.8 inaonetsa phindu lake m'machalichi. Katedralo ya ku León ili ndi mazenera a magalasi a mitundumitundu okwana masikweya mita pafupifupi 1,800, koma pansi pomwe anthu amaima pali mdima. Fulashi m'malo otero imasokoneza opemphera, ndiponso kuwala kwake sikufika patali. Ndi bowo la f/1.8 ndinajambula ndi manja okha, popanda miyendo yoimikapo kamera, nkhope za anthu zikuoneka zofiirira ndi zobiriwira ndi kuwala kwa mazenerawo. Ngakhale zoom yanga yodula ija sikadatha kulowetsa kuwala kotere.

Komabe kusankha kwanga kunali kwa mwadzidzidzi, ndipo kunali ndi cilema. Malenzi a 40mm ndi 50mm amaona pafupifupi mofanana, kotero ndinali ngati munthu wonyamula makasu awiri koma wopanda nkhwangwa. Ndikadakonzekera bwino kunyumba ndikadatenga 24mm f/2.8, ya magalamu 280, pamodzi ndi 50mm ija: imodzi ya nyumba zazitali ndi mapiri, ina ya anthu ndi malo a mdima, zonse pamodzi magalamu 440. Wokonda nkhope za anthu angathe kutenga 40mm ndi 85mm f/1.8, ya magalamu 425. Amene safuna kusintha malenzi angatenge zoom imodzi ya f/4, monga 24-105mm ya magalamu 670, podziwa kuti m'chalichi idzamuvutitsa. Dziwaninso kuti makamera ambiri otsika mtengo ali ndi sensa yaing'ono, imene imacepetsa malo oonedwa ndi lenzi. Pa kamera ya Canon yotero, lenzi ya 24mm imaona monga 38mm pa yanga. Ndipo musaiwale foni ya m'thumba, imene lenzi yake imaona malo aakulu ndithu. Ine ndinaikumbukira mocedwa, nditapitirira kale Burgos.

Za kusintha malenzi panjira ndinene mau awiri okha. M'Meseta muli mphepo ndi fumbi, makamaka pa makilomita 17 opanda mudzi a pakati pa Carrión de los Condes ndi Calzadilla de la Cueza, ndipo fumbi likalowa pa sensa limasiya madontho pa cithunzi ciliconse cotsatira. Ndinazolowera kusankha lenzi m'mawa, m'nyumba, ndi kukhala nayo mpaka madzulo. Ku Galicia mdani ndi mvula. Malenzi ang'onoang'ono awa alibe zochinga madzi, koma kathumba ka pulasitiki kogulira buledi kanakwanira.

Pa Cruz de Ferro, mtanda wa citsulo woimikidwa pa mulu wa miyala pamwamba pa mapiri a León, apaulendo amasiya mwala umene acokera nawo kwawo. Wanga unali kamwala ka pa manda a amayi. Kameneka sindinakaike m'phukusi la ku Pamplona.

Ndinafika ku Santiago m'mwezi wa June, bondo likupwetekabe pang'ono koma likuyenda. Zola zikuluzikulu saloleza kulowa nazo m'katedralo, kotero ndinalowa ndi kamera ndi 50mm yokha. Tinali ndi mwayi tsiku limenelo, pakuti kumapeto kwa Misa amuna asanu ndi atatu anakoka cingwe ca Botafumeiro, cofukizira lubani cacikulu cija, ndipo cinauluka kucokera mbali ina ya chalichi kufika mbali ina, utsi ukutsalira m'mbuyo. Ndinajambula kawiri, kenaka ndinatsitsa kamera cifukwa maso anali atadzaza misozi ndipo sindinali kuona bwino.

M'mawa mwake ndinapita ku positi ya pa Rúa do Franco kukatenga phukusi langa. Mnyamata wa pa kauntala atandipatsa, ndinamufunsa ngati sanasokoneze ndi la munthu wina, pakuti linali lolemera kwambiri. Anandionetsa dzina langa, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe.